Mapapaya akuwauka, mandimu akutuwa: tembenuzani kaye tsamba musanagule mankhwala

Sabata ziwiri zapitazi, pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu kuno ku Mwanza pakhala pakugwa zithunzi zofanana. Uyu waponya masamba a papaya achikasu ngati awauka ndi moto, uyo waponya mtengo wa mandimu wotuwa ngati wathiridwa phulusa. Funso limakhala limodzi: "Abale, ndithire chani?" Pasanathe mphindi zisanu wina amakhala wayankha kale: "Cypermethrin basi, akulu. Mukhwimitse." Pansi pake anthu n'kumavomereza motsatizana, nkhani yatha.

Ine ndikaona yankho limeneli ndimagwira mutu, chifukwa chaka chatha amene anatsatira malangizo otere ndinali ine, ndipo amene analira ndi mayi anga.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mapapaya asanu, mitengo itatu ya manachesi ndi umodzi wa mandimu. Si munda woti n'kudzitama nawo, koma ya sopo, ya mchere ndi ya mayunitsi a magetsi imachokera pomwepo. Mu Okutobala chaka chatha masamba a mapapaya anayamba timadontho toyera. Ndinapita pa sitolo ina ya zaulimi n'kufotokoza pakamwa. Mnyamata amene ndinamupeza sanafunse zambiri. Anatulutsa chigubu pansi pa kauntala, n'kundithirira m'kabotolo kopanda lebulo, n'kuti, "Zivindikiro ziwiri mu sipuleya, aise, mawa undiuza." Ndinapopera. Patatha sabata ziwiri zinthu zinali zitaipa kuposa poyamba. Ndinaganiza kuti mwina ndinachepetsa, ndiye ndinapoperanso ndi zivindikiro zinayi. Pofika mvula yoyamba, mapapaya awiri anali atatsala ndi kansonga ka masamba pamwamba, zipatso zili pamtetete dzuwa likuziwotcha. Mayi sanandikalipire. Anangosiya kunditchula pa nkhani za mitengo, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Amene ananditsegula m'maso ndi bambo wina woyandikana nafe amene anapuma pa ntchito ya ulangizi. Ataona mitengoyo anangoti, "Mphwanga, tang'amba pepala loyera m'kope mwakomo." Anaika pepalalo kunsi kwa tsamba n'kugwedeza. Panagwa tinthu tokhala ngati fumbi. "Dikira," anatero. Posakhalitsa fumbilo linayamba kuyenda. Atapsinya ndi chala, pa pepala panatsala timizere tofiirira. "Awa ndi akangaude. Mankhwala akowo apha adani awo, iwowo wawapatsa ufulu."

Ndiye mfundo yanga ndi iyi: vuto la akangaude m'mitengo yathu ya zipatso likukula osati chifukwa choti sitikupopera, koma chifukwa tikupopera zinthu zolakwika tisanaone n'komwe chimene chikudya mtengo.

Mdaniyo ndi ndani?

Akangaude amenewa, amene alimi a tomato amawatcha akangaude ofiira, sali gulu limodzi ndi mbozi, ntchentche kapena nsabwe za m'masamba. Iwo ndi abale a kangaude weniweni ndi nkhupakupa. Wamkulu amakhala ndi miyendo 8 pomwe tizilombo tinato tili ndi 6, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi theka la milimita. Amakhala kunsi kwa tsamba, kuboola ndi kuyamwa madzi a m'kati. Pamwamba pa tsamba mumayamba kuona timadontho toyera kapena tachikasu, kenako tsamba lonse limatuwa, kuuma, n'kuthothoka. Akachuluka kwambiri mumaona ulusi wopyapyala pakati pa mitsempha ya tsamba. Mukafika poona ulusi, dziwani kuti mwachedwa kale ndithu.

Chimene chimawachititsa kuoopsa ndi kuswana. Kukatentha kufika madigiri 30, kuchoka pa dzira kufika pa kangaude woikira mazira ake pamangotenga sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Wamkazi mmodzi akhoza kuikira mazira okwana 100 pa moyo wake. Ngakhale asanakumane ndi wamwamuna amaikirabe mazira, omwe amaswa amuna okhaokha, kenako banja layambika. Ndiye kuti kangaude mmodzi wouluzika ndi mphepo, kapena wobwera pa malaya anu kuchokera kudimba, ndi wokwanira. Mtundu wina wofala kwambiri, wokhala ndi madontho awiri pamsana, umadya zomera za mitundu yoposa 1,000, kuphatikizapo nyemba, tomato, maluwa a pakhomo, udzu wa m'mphepete mwa mpanda ndi papaya wanu yemweyo.

Pali m'bale wawo wina amene ife a ku Mwanza tiyenera kumudziwa bwino chifukwa amakhudza geni ya manachesi mwachindunji. Ameneyu ndi wamng'ono moti ndi maso okha simungamuone. Thupi lake ndi losongoka ngati kakaroti ndipo ali ndi miyendo inayi yokha. Amadya khungu la chipatso chikadali chaching'ono, koma zotsatira zake timadzaziona miyezi ingapo kutsogolo: manachesi ndi malalanje a khungu lodera ngati dzimbiri, mandimu a khungu lotuwa ndi lokhakhala. M'kati chipatsocho chimakhala bwinobwino, koma wogula wochokera ku Limbe kapena woimika galimoto pa Zalewa amagula ndi maso. Akaona khungu lodera amatsitsa mtengo, iwe n'kumangolumbira kuti ndi otsekemera. Mosiyana ndi akangaude a pa papaya amene amakonda chilimwe chouma, uyu amakonda nyengo yofunda ya chinyezi. Choncho mvula ikagwa osamati nkhondo yatha. Wina akuchoka, wina akulowa.

N'chifukwa chiyani zafika povuta chonchi?

Choyamba ndi nyengo. Akangaude a m'masamba amasangalala kukatentha ndi kuuma, ndipo mvula yamphamvu ndi imene imawakokolola. Tonse tikukumbukira ng'amba ya El Niño imene inachititsa kuti mu Malichi 2024 boma lilengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mvula ikamachedwa kuyamba kapena kudula msanga, nyengo ya akangaude imatalika, ndipo mtengo waludzu sulimba ngati wothiriridwa.

Chachiwiri ndi fumbi. Kupatula msewu wa M6 ndi ina yochepa, njira zambiri zolowera m'makomo mwathu ndi zafumbi, ndipo njinga zamoto za kabaza zimadutsa kuyambira m'mawa mpaka usiku. Fumbi likakhuthukira pa masamba limasokoneza tizilombo todya akangaude, pomwe akangaudewo amakhala mwamtendere. Tayang'anani nokha: mtengo wa m'mbali mwa msewu ndi umene umayamba kutuwa, wa kuseri kwa bafa umatsatira pambuyo.

Chachitatu ndi thumba. Mankhwala ambiri a mbewu amachokera kunja. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo lathunthu lotseka bwino lakhala chinthu choti munthu wa mitengo isanu aziganiza kawiri. Ndiye pabuka geni yothirira anthu m'timabotolo. Sindikufuna kunamizira kuti anyamata a m'masitolo ndi oipa mtima. Nawonso akusaka, ndipo kasitomala akabwera ndi ndalama yochepa amafuna abwerere ndi kenakake. Koma kabotolo kopanda lebulo sikakuuza dzina la mankhwala, muyeso wake, tsiku lothera mphamvu, kapena masiku oti udikire usanathyole chipatso. Kunyumba kuli ana amene amathyola papaya osapempha, eti? Nanga kabotolo komweko kakaiwalika pawindo, mwana adziwa bwanji kuti si chakumwa?

Malamulo alipo. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe, ndi limene limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Kufunsa wogulitsa kuti akuonetseni chiphaso ndi botolo lenileni si mwano ayi. Ndi ufulu wanu.

Cypermethrin amalakwa pati?

Mankhwalawa ali ndi ntchito yake, pa mbozi mwachitsanzo. Koma pa akangaude amagwira mofooka, pomwe adani a akangaude amawapha mosavuta. Mumtengo wosapoperedwa mumakhala asilikali aulere: akangaude ena othamanga amene chakudya chawo ndi akangaude anzawo odya masambawa, tizikumbu takuda tating'ono ngati mutu wa phini, ndi ana a tizilombo tina tamapiko obiriwira. Amenewa amadya mazira ndi ana usana ndi usiku. Mukapopera mwachisawawa, asilikaliwo amafa, mazira a akangaude kunsi kwa tsamba amatsala, ndipo pakatha sabata amaswa m'dziko lopanda apolisi. Mukabwereza ndi muyeso wokhwima, mumangosankha akangaude olimba okhaokha kuti aswane. Mtundu wa madontho awiri uja ndi umodzi mwa tizilombo todziwika pa dziko lonse kuti timazolowera mankhwala msanga.

Izi si zachilendo. M'minda ya zipatso ya ku America ndi ku Ulaya, akangaude sankatengedwa ngati vuto lalikulu mpaka pamene alimi anayamba kupopera DDT ndi mankhwala ena amphamvu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Kuyambira pamenepo anakhala mutu waukulu. Ndipo mbali ina ya nkhaniyi tinaionera pa chinangwa. Kangaude wobiriwira wa chinangwa anachokera ku South America, anapezeka koyamba ku Uganda mu 1971, n'kufalikira m'maiko ambiri a mu Africa olima chinangwa. Chimene chinamuchepetsa mphamvu si botolo. Akatswiri a bungwe la IITA anakatenga kangaude wina womudya ku Brazil n'kumumasula ku Benin mu 1993, ndipo m'zaka zochepa anali atafalikira m'maiko ambiri. Ngati mdani wachilengedwe anathandiza minda ya chinangwa ya maiko athunthu, angalephere mapapaya asanu a mayi anga?

Ndiye tichite chani?

Yambani ndi kuona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamodzi pa sabata, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itakhazikika, tembenuzani masamba angapo pa mtengo uliwonse, muyambire a m'munsi ndi a mbali ya msewu. Yesani njira ya pepala loyera ija. Foni imene mukuwerengerayi ndi chida: yandikizani kamera, kulitsani chithunzi, muona tinthu toyenda ndi timazira tozungulira ngati timikanda. Izi n'zofunika chifukwa si tsamba lachikasu lililonse limene ladyedwa ndi akangaude. Pena ndi njala ya m'nthaka, pena mizu yaola, pena ndi matenda oti mankhwala a akangaude sangawathe. Ngakhale khungu lodera la manachesi limatha kubwera chifukwa cha kukhulana ndi nthambi pa mphepo.

Mukawapeza, chida choyamba ndi madzi. Tsukani bwinobwino sipuleya yanu, thiranimo madzi okhaokha, n'kupopera mwamphamvu kunsi kwa masamba. Madzi amagwetsa akangaude, kuphwasula ulusi ndi kuchotsa fumbi. Bwerezani kawiri pa sabata. Masamba a m'munsi a papaya amene atheratu, dulani, ikani m'thumba pomwepo, kakwirireni kapena kuwotcha. Osawakoka pansi kudutsa pa mitengo ina, mukhala mukugawa alendo.

Ndikudziwa wina akuti, "Madzi akumwa omwe akuvuta, a mtengo tiwatenga kuti?" Zoona. Koma sipuleya imodzi ya malita 15 kapena 16 imakwanira mitengo ingapo yaing'ono, ndipo madziwo amatsikira pa mizu, satayika. Kumbani kabeseni kuzungulira tsinde, phimbirani ndi udzu wouma kapena mapesi osakhudzitsa tsindelo, kuti chinyezi chikhalitse. Madzi otsukira mpunga, masamba ndi mbatata musamatayire pabwalo, apite pa mtengo. Komanso chepetsani dzanja pa Urea. Feteleza wa nayitirojeni akachuluka amatulutsa masamba anthete amene akangaude amawakonda kwambiri. Manyowa owolerana bwino ndi abwinoko.

Madzi okha akalephera, onjezerani sopo. Masupuni awiri a tiyi a sopo wamadzi wosakhwima pa lita imodzi ya madzi ndi okwanira. Sopo waufa wochapira zovala ayi, amawotcha masamba. Yesani kaye pa masamba awiri atatu, dikirani masiku awiri muone, chifukwa papaya sachedwa kupsa. Poperani madzulo dzuwa litapepa, ndipo mulunjike kunsi kwa tsamba, popeza sopo amapha kangaude yekhayo amene wamukhudza. Mazira ambiri amapulumuka, ndiye bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7, kawiri kapena katatu. Amene muli ndi abale ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene nimu ali mbwee, apempheni njere zake. Sinjani, viikani usiku wonse, sefani ndi kansalu, n'kupopera madzulo. Nimu sagwetsa pompopompo, amafooketsa kudya ndi kuswana, ndiye musataye mtima tsiku lachiwiri.

Nanga ngati zafika poipa, kapena muli ndi munda weniweni wa mitengo 50 kapena 100? Pamenepo mankhwala a kusitolo ali ndi malo ake, koma akhale olembedwa pa lebulo kuti ndi a akangaude. Abamectin ndi amodzi mwa odziwika. Salufa wosungunula m'madzi amathandiza makamaka pa uja wodetsa khungu la manachesi, koma osamupopera kukatentha kupitirira madigiri 30 chifukwa amawotcha masamba ndi zipatso, ndipo asayandikane ndi mankhwala a mafuta, pazidutsa sabata zingapo. Tsatirani muyeso wa pa lebulo, osati wa "kukhwimitsa". Valani zodziteteza, ana ndi nkhuku akhale kutali. Musapopere mtengo uli ndi maluwa, mupha njuchi zimene zikukupangirani zipatso. Musatsukire sipuleya kumtsinje, abamectin amapha nsomba. Werengani masiku odikira musanathyole. Ndipo musamangobwereza mankhwala amodzimodzi, akangaude awazolowera.

Izi si za khomo limodzi

Chimene ndaphunzira n'chakuti kangaude sadziwa malire a puloti. Ukhoza kutsuka mitengo yako bwinobwino, koma ngati kuseri kwa mpanda kuli nyemba kapena tomato wakale wongosiyidwa atauma, mphepo ikubweretseranso. Mutu umodzi susenza denga. Mukakolola kudimba, zulani zotsalira. Pa mzere wathu tinagwirizana makomo anayi kuti tizibwerekana sipuleya imodzi imene sitithiramo china chilichonse kupatula madzi ndi sopo. Tinagwirizananso kuti pakadzafunika mankhwala enieni tidzasonkherana n'kugula botolo limodzi lotseka, la lebulo yake, m'malo moti aliyense akatenge kabotolo kosadziwika. Pamapeto pake mtengo umakhala wofanana, koma umadziwa chimene wagula.

Kwa anzathu ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu: mbande ndi basi imene akangaude amakwera kupita kumakomo atsopano. Ziyang'aneni musanagulitse. Inunso ogula, tembenuzani tsamba musanapereke ndalama, ndipo mukafika kunyumba ikani mbandeyo payokha kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanaibzale pafupi ndi mitengo ina.

Kwa a masitolo a zaulimi: muziuza kasitomala abwere ndi tsamba m'pepala la pulasitiki. Munthu amene mwamuthandiza molondola amabweranso ndipo amabweretsa anzake. Ine kusitolo kuja sindinapitekonso.

Kwa akhonsolo ndi a zaulimi, pempho langa ndi laling'ono. M'maboma ena unduna wa zaulimi mogwirizana ndi bungwe la CABI unayambitsa zipatala za mbewu, pomwe mlangizi amakhala ndi tebulo pa msika, anthu n'kumabwera ndi masamba kapena zipatso zodwala. Kwa boma lodziwika ndi manachesi ngati lathu, tebulo lotere liyenera kumapezeka tsiku lililonse la msika m'miyezi ino, ndipo anthu azidziwa ola lake. Tisaiwalenso kuti ife a m'tauni, a mitengo isanu kuseri kwa nyumba, nafenso ndi alimi, ngakhale maina athu sali m'kaundula wa kalabu iliyonse.

Chaka chino ndinayamba kutembenuza masamba mu Ogasiti. Akangaude ndinawapeza, sindinama, ndipo alipobe. Koma Lachitatu ndi Loweruka madzulo ndimatsuka mitengo ndi madzi, ndapopera sopo katatu, ndipo sabata yatha ndinaona tizikumbu takuda tija tikuyendayenda kunsi kwa tsamba la mandimu. Mapapaya atatu otsalawo ali ndi masamba okwanira kuphimba zipatso. Dzulo mayi anandituma kuti ndikaone ngati mbande ziwiri zimene abzala m'malo mwa zakufa zija zili bwino, ndiye kuti mlandu wanga ukupita kumapeto.

Pempho langa kwa inu a pa magulu athu ndi ili. Wina akaponya chithunzi cha tsamba lachikasu n'kufunsa kuti athire chani, musathamangire kutchula mankhwala. Muuzeni ajambule kunsi kwa tsambalo, agwedezere pa pepala loyera, aponyenso. Ngati fumbilo likuyenda, mukudziwa kale poyambira.